Ceftriaxone, mankhwala a mu mtsempha amene zipatala za ku Katete, Sinda ndi Vubwi zimadalira pa matenda aakulu

Ceftriaxone ndi mankhwala opha tizilombo ta bakiteriya amene amaperekedwa kudzera mu mtsempha wa magazi, kapena ndi nyeleti yolasa mu mnofu. Amapatsidwa kwa anthu amene agwidwa ndi matenda oopsa monga oumitsa khosi, chibayo chachikulu, taifodi, matenda a impso, ndiponso matenda amene amadza tizilombo tikalowa m'magazi. Mapiritsi a ceftriaxone kulibe, chifukwa matumbo a munthu salowetsa mankhwalawa m'magazi mokwanira. Choncho aliyense wofunika mankhwalawa ayenera kufika pamalo pamene pali namwino, nyeleti ndi madzi oyera osungunulira.

M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, m'chigawo cha kum'mawa kwa dziko la Zambia, anthu ambiri amene anadwazikapo mbale wawo m'chipatala anawaonapo mankhwalawa ngakhale kuti dzina lake sakulidziwa. Amabwera m'kabotolo kakang'ono ka galasi, muli ufa woyera kapena wooneka chikasu pang'ono. Namwino amathiramo madzi, nakhutchumula, nakoka ndi sirinji, kenaka nalowetsa pang'onopang'ono m'kapaipi kamene kamangidwa pa dzanja la wodwala. Kabotolo kameneka kapulumutsa miyoyo yambiri, koma mphamvu zake zayamba kuchepa, ndipo mankhwala amene angalowe m'malo mwake ndi odula ndiponso osowa.

Kumene anachokera

Mbiri ya mankhwalawa inayambira pamalo onyansa. M'chaka cha 1945, Giuseppe Brotzu, katswiri wa zaukhondo pa yunivesite ya Cagliari pa chilumba cha Sardinia m'dziko la Italy, anatunga madzi a m'nyanja pafupi ndi pamene mipope ya zonyansa za mumzindawo inkathira. M'madzimo anapezamo mtundu wina wa chuku, chofanana ndi chija chimamera pa nsima yogona masiku, ndipo anaona kuti chinali kuletsa tizilombo ta taifodi kuswana. Posowa zipangizo zopitirizira ntchitoyo, chukucho chinatumizidwa ku Oxford m'dziko la Britain m'chaka cha 1948. Kumeneko Edward Abraham ndi Guy Newton anatulutsamo mankhwala amene anakhala kholo la banja lonse lotchedwa cephalosporin, limene ndi lapachibale ndi penisilini.

Woyamba wa banjali anafika m'zipatala m'chaka cha 1964. Ceftriaxone ndi wa mbadwo wachitatu. Anapangidwa ndi kampani ya Hoffmann-La Roche ya mumzinda wa Basel ku Switzerland, imene inalembetsa umwini wake m'chaka cha 1978, ndipo anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1982 ndi dzina la malonda lakuti Rocephin. Kwa zaka zambiri anali mankhwala a maiko olemera. Zinthu zinasintha pamene umwini wa kampaniyo unatha, cha m'ma 2005, ndipo makampani ena, makamaka a ku India ndi ku China, anayamba kupanga ambiri pa mtengo wotsika. Lero ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri wa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO.

Mmene amagwirira ntchito

Bakiteriya aliyense ali ndi khoma lomuzungulira, lolukana ngati nkhokwe ya nsungwi, limene limamuteteza kuti asaphulike. Nthawi iliyonse pamene akukula ndi kugawikana, ayenera kuluka khomalo mwatsopano. Ceftriaxone amagwira timapuloteni timene timamanga mfundo za khomalo, kotero kuti limatuluka losalimba ndipo kachilomboko kamaphulika. Maselo a munthu alibe khoma lotere, nchifukwa chake mankhwalawa amapha tizilombo osawononga thupi la wodwala. Mavairasi nawonso alibe khomali. Munthu wa chimfine angalasidwe ceftriaxone sabata yathunthu, chimfinecho chidzatha pa nthawi yake monga mmene chikanathera popanda nyeleti.

Pali zinthu ziwiri zimene zinawatchukitsa. Choyamba, amatha kulowa m'madzi ozungulira ubongo ndi msana pamene zikuto za ubongo zatupa, malo amene mankhwala ambiri amalephera kufikako. Chachiwiri, amakhalitsa m'thupi. Pamatenga maola 6 mpaka 9 kuti theka la mankhwalawo lichoke m'magazi, pamene penisilini wolasa amachoka pasanathe ola limodzi. Mbali ina imatuluka ndi mkodzo kudzera mu impso, ina imatuluka ndi ndulu kudzera m'chiwindi.

Kukhalitsa kumeneku ndi nkhani yaikulu m'chipatala cha kumudzi. Kale wodwala matenda oumitsa khosi ankapatsidwa penisilini ndi chloramphenicol, mankhwala ofuna kulasa kanayi kapena kuposa pa tsiku, usana ndi usiku. M'chipinda chodzaza odwala, momwe namwino wa usiku ali yekha kapena ali awiri, nyeleti ya pakati pa usiku inali yosavuta kuchedwa. Ceftriaxone amaperekedwa kamodzi pa tsiku pa matenda ambiri. Ufa wake sufuna firiji, umangofuna malo ozizira bwino osafika dzuwa, choncho kuzima kwa magetsi sikuuwononga.

Mlingo wa munthu wamkulu kawirikawiri ndi galamu 1 kapena magalamu 2 pa tsiku, ndipo pa matenda oumitsa khosi umafika magalamu 2 pa maola 12 aliwonse. Kwa ana mlingo umawerengedwa potsata kulemera kwa thupi: mamiligalamu 50 mpaka 80 pa kilogalamu iliyonse, ndi 100 pa matenda oumitsa khosi. Nchifukwa chake mwana wodwala kwambiri amayamba waikidwa pa sikelo ngakhale makolo akuona ngati nthawi ikutayika. Mu mtsempha mankhwalawa salowetsedwa mothamanga. Ndi sirinji pamatenga mphindi zisanu, ndipo ndi diripi pamatenga theka la ola kapena kuposa. Akalasa mu mnofu amapweteka, choncho amasakanizidwa ndi mankhwala ochititsa dzanzi otchedwa lidocaine, ndipo osakaniza motere saloledwa konse kulowa mu mtsempha.

Mtunda ndi nthawi

Pa matenda onse amene ceftriaxone amachiza, oumitsa khosi ndiwo amaonetsa bwino kufunika kwake. Malinga ndi bungwe la WHO, munthu mmodzi mwa anthu 6 aliwonse ogwidwa ndi mtundu wa matendawa woyambitsidwa ndi bakiteriya amamwalira, ndipo mmodzi mwa 5 amatsala ndi chilema monga kugontha, khunyu kapena kuvutika pophunzira. Matendawa angathe kupha munthu m'tsiku limodzi. Wamkulu amamva mutu waukulu, thupi limatentha, khosi limauma, kuwala kumamupweteka m'maso, ndipo nzeru zimasokonezeka. Khanda silionetsa zonsezi. Limangoleka kuyamwa, kulira mosatonthozeka kapena kufooka, ndipo liwombo limatha kutukumuka.

Apa ndi pamene mtunda umalowa m'nkhaniyi. Boma la Katete lili ndi chipatala cha St Francis, chimene chinakhazikitsidwa m'chaka cha 1948 ndi Francis Trefusis, wansembe amenenso anali dotolo, ndipo chimayendetsedwa mogwirizana ndi mipingo ya Anglican ndi Katolika. Chili pafupi ndi msewu waukulu wa Great East, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kuchokera ku Chipata ndi pafupifupi 500 kuchokera ku Lusaka, ndipo chimalandira odwala ochokera m'maboma oyandikana nawo. Ku Sinda kuli chipatala cha Nyanje cha mpingo wa Reformed Church in Zambia. Maboma a Sinda ndi Vubwi ndi atsopano. Onse anakhazikitsidwa m'chaka cha 2012 mu ulamuliro wa malemu Michael Sata, Sinda kuchokera ku mbali za Katete ndi Petauke, Vubwi kuchokera ku Chadiza. Vubwi lili m'malire ndi maiko a Malawi ndi Mozambique, kutali ndi msewu waukulu, ndipo odwala ake ofunika chithandizo chapamwamba amalowera ku chipatala cha Mwami kapena ku Chipata Central.

Munthu wa kumudzi wodwala usiku m'nyengo ya dzinja amayamba ulendo pa njinga, pa njinga yamoto kapena pa ngolo ya ng'ombe, mitsinje itadzaza. Poganizira zimenezi, malangizo a chisamaliro cha ana amene anamwino amatsata amanena kuti mwana woonetsa zizindikiro zoopsa alasidwe mlingo woyamba wa mankhwala opha tizilombo pa kiliniki pomwepo, asanatumizidwe ku chipatala chachikulu. Zizindikirozo ndi kulephera kumwa kapena kuyamwa, kusanza chilichonse, kukomoka, ndi kufooka kosadzuka nako. Nyeleti yoyambayo si chithandizo chonse. Imangogulira mwana nthawi ya pa ulendo, ndipo makolo obwerera kunyumba poona kuti thupi lazizirako amaika moyo wa mwanayo pa ngozi. Matenda oumitsa khosi amafuna nyeleti kwa masiku 5 mpaka 14 kapena kuposa, malinga ndi mtundu wa kachilombo.

Ku chipatala dotolo amafuna kutenga madzi a mumsana ndi singano kuti awapime. Achibale ambiri amachita mantha ndi zimenezi, ndipo ena amakana chifukwa anamva za munthu amene anamwalira atatengedwa madziwo. Choona nchakuti anthu otengedwa madzi a mumsana amakhala odwala kale kwambiri, ndipo chimene chimawapha ndi matendawo. Popanda kupima kumeneku dotolo amachiza mongoyerekeza.

Zimene sachiza

Kuyerekezako kuli ndi ngozi yake, chifukwa matenda angapo amaoneka mofanana. Chigawo cha kum'mawa chili ndi malungo ambiri, ndipo malungo a mu ubongo amakomola mwana monga mmene matenda oumitsa khosi amachitira. Ceftriaxone sapha tizilombo ta malungo. Mankhwala ake ndi artesunate. Si zachilendo kuona mwana wokomoka akulandira onse awiri mpaka zotsatira za ku labotale zitatuluka. Kwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV ndipo chitetezo chawo chatsika kwambiri, kuuma khosi nthawi zambiri kumadza ndi mtundu wa chuku wotchedwa Cryptococcus, umene umafuna mankhwala ena monga amphotericin B, flucytosine ndi fluconazole. Chifuwa chachikulu cha TB nachonso chimatha kufika ku ubongo, ndipo ceftriaxone alibe nacho mphamvu.

Kunja kwa zipinda zogonekamo odwala, mankhwalawa amadziwikanso pa matenda a chinzonono, amene amachizidwa ndi nyeleti imodzi yokha ya mu mnofu. Mankhwala akale a chinzonono anatha mphamvu motsatizana, ndipo ceftriaxone ndi mmodzi mwa ochepa amene atsala.

Makanda, chikasu ndi diripi ya kashiamu

Anthu ambiri amalandira ceftriaxone popanda vuto lalikulu. Ena amatsegula m'mimba, ena amatuluka ziwengo, ndipo pamalo polasidwa pamatupa. Owerengeka thupi lawo limakana mankhwalawa mwadzidzidzi: nkhope ndi milomo zimatupa, mpweya umabanika. Aliyense amene anachitapo zotere atalandira penisilini ayenera kuuza namwino nyeleti isanalowe, popeza mankhwala awiriwa ndi apachibale. Kutsegula m'mimba kwambiri, makamaka kwa magazi, ngakhale patapita masabata chithandizo chitatha, nkofunika kubwerera nako ku chipatala. Akaperekedwa ochuluka kwa masiku ambiri amatha kuundana m'thumba la ndulu ngati timiyala, timene kawirikawiri timasungunuka mankhwala akalekedwa.

Chenjezo lalikulu ndi la makanda osakwana mwezi. Khanda la chikasu, kapena lobadwa masiku asanakwane, silipatsidwa ceftriaxone, chifukwa mankhwalawa amamasula chinthu chochititsa chikasucho m'magazi ndipo chingathe kufika ku ubongo ndi kuuwononga. Pa makanda odwala, bungwe la WHO limalangiza kuyamba ndi ampicillin kapena penisilini pamodzi ndi gentamicin.

Chenjezo lina ndi la kashiamu. Ceftriaxone akakumana ndi kashiamu amapanga timibulu tosasungunuka. Makanda ena anamwalira timibuluti titatseka mapapo ndi impso zawo, ndipo m'chaka cha 2007 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linatulutsa chenjezo pa nkhaniyi. Diripi yotchedwa Ringer's lactate ili ndi kashiamu. Imeneyi ndi diripi ija imapatsidwa kwa anthu otha madzi m'thupi, yodziwika kwa anthu a ku Vubwi amene anaona mliri wa kolera m'boma lawo mu Januwale 2023. Diripiyi ndi yabwino pa ntchito yake, koma siyenera kusakanizidwa ndi ceftriaxone m'botolo limodzi kapena kuyenda naye limodzi m'kapaipi kamodzi, ndipo kwa khanda losakwana masiku 28 ziwirizi siziperekedwa pamodzi ngakhale pa mitsempha yosiyana.

Tizilombo tayamba kupirira

Ubwino wa ceftriaxone ndi umenenso ukumuthetsa mphamvu. Popeza ndi wotsika mtengo, wolasa kamodzi pa tsiku ndiponso wogwira tizilombo ta mitundu yambiri, m'zipatala zambiri za mu Africa wasanduka mankhwala oyamba kwa aliyense wogonekedwa ndi thupi lotentha. Mlingo uliwonse umapha tizilombo tofooka, osati toyambitsa matenda tokha komanso tabwino tokhala m'matumbo, ndipo timatsala ndi tija tolimba. Tina mwa ito timapanga michere imene madotolo amaitcha ESBL, yodula mankhwalawa asanagwire ntchito. Luso limeneli tizilombo timatha kupatsirana, ngakhale ta mitundu yosiyana.

Umboni womveka bwino uli kutsidya kwa malire. Pa chipatala cha Queen Elizabeth Central mumzinda wa Blantyre ku Malawi, akatswiri akhala akupima magazi a odwala kuyambira m'chaka cha 1998. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2017 zinaonetsa kuti pakati pa 2003 ndi 2016, tizilombo ta Klebsiella tosamva mankhwala a mtundu wa ceftriaxone tinachuluka kuchoka pa 12 kufika pa 90 mwa 100 aliwonse, ndipo ta E. coli tinachoka pa ochepera 1 kufika pa 30 mwa 100. Zaka zimenezi ndi zomwezo pamene ceftriaxone anafala pa chipatalacho. Ku Zambia, kafukufuku wa m'chipinda cha makanda pa University Teaching Hospital ku Lusaka, amene anatuluka mu 2016, anapeza kuti Klebsiella ndiye anali kutsogolera pa matenda a m'magazi, ndipo oposa 90 mwa 100 sanali kumva mankhwala a banja limeneli. Ku Pakistan, mliri wa taifodi wosamva ceftriaxone unayamba mu 2016 m'chigawo cha Sindh.

Pa dziko lonse, kafukufuku wina amene anasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2022 anawerengera kuti anthu 1.27 miliyoni anamwalira m'chaka cha 2019 chifukwa cha bakiteriya osamva mankhwala, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, imfa zambiri zinali m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara.

Ziwerengero za Blantyre ndi Lusaka ndi za zipatala zazikulu za m'mizinda, kumene kumasonkhana odwala ovuta kwambiri, ndipo sizingakopedwe monga zilili kuika pa Katete kapena Sinda. Komabe anthu a m'maboma amenewa amayenda tsiku ndi tsiku kupita ku Lusaka, ku Malawi ndi ku Mozambique pa malonda, pa maliro ndi pa miyambo monga Kulamba ku Mkaika, ndipo tizilombo timayenda nawo m'matumbo mwawo iwo osadziwa.

Ceftriaxone akalephera, dotolo amafuna mankhwala monga meropenem kapena amikacin. Meropenem ndi wodula kwambiri, amalasidwa katatu pa tsiku, ndipo amapezeka makamaka m'zipatala zazikulu. Amikacin amatha kuwononga impso ndi makutu akapanda kuyang'aniridwa bwino. Kuti adziwe oyenera, magazi a wodwala ayenera kusungidwa mu labotale mpaka tizilombo titamera, kenaka nkutiyesa ndi mankhwala osiyanasiyana, ntchito ya masiku awiri, atatu kapena kuposa. Makiliniki a kumidzi alibe zipangizo zotere. Kwa banja la mlimi, kulephera kwa kabotolo kotsika mtengo kaja kumatanthauza ulendo wa ku Chipata kapena ku Lusaka, kugulitsa mbuzi kapena chimanga, ndi masabata a kumunda otayika.

Malamulo ndi chitetezo

Ku Zambia maantibayotiki ndi mankhwala ofunika kalata ya dotolo. Bungwe la Zambia Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mankhwala la 2013, ndilo limalembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Zipatala za boma zimalandira mankhwala kuchokera ku Zambia Medicines and Medical Supplies Agency, imene kale inkatchedwa Medical Stores Limited. Munthu wolasa anthu nyeleti kuseri kwa golosale kapena m'nyumba, popanda chiphaso, amaphwanya lamulo. Wodwala wake sangadziwe ngati ufa uli m'kabotolomo ndi weniweni, ndipo thupi likakana mankhwala palibe chomutsitsimutsira. M'chaka cha 2017 boma linakhazikitsa dongosolo la zaka khumi lolimbana ndi vuto la tizilombo tosamva mankhwala, lofika mu 2027, limene likukhudza umoyo wa anthu, ziweto ndi chilengedwe pamodzi. Ziweto zilimo chifukwa mankhwala opatsa nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe mosatsata malangizo amaphunzitsa tizilombo kupirira chimodzimodzi.

Katemera wachepetsa kale ana ofunika ceftriaxone. Dziko la Zambia linayamba kupereka katemera wa Hib mu 2004 ndi katemera wa chibayo wa PCV mu 2013, ndipo onse awiri amateteza ku tizilombo timene tinkatsogolera pa matenda oumitsa khosi ndi chibayo mwa ana aang'ono. Amaperekedwa kwaulere ku sikelo ya ana.

Chovuta kusintha ndi chikhulupiriro chakuti nyeleti ndi diripi zimaposa mapiritsi. Wodwala akayamba kupeza bwino, kudya ndi kumwa, dotolo nthawi zambiri amachotsa kapaipi pa dzanja nampatsa mankhwala akumwa monga amoxicillin kuti akamalizire kunyumba. Odwazika ena amadandaula kuti mbale wawo watayidwa. Pa chibayo ndi matenda ena ambiri kusinthaku nkoyenera, chifukwa kapaipi kokhalitsa mu mtsempha nako ndi khomo lolowera tizilombo. Matenda oumitsa khosi ali m'gulu la amene amafuna nyeleti mpaka tsiku lomaliza, ndipo mwana wochira matendawa ayenera kupimidwa makutu.

Kuyambira mu 2017 bungwe la WHO limagawa maantibayotiki m'magulu atatu. Gulu la Access ndi la mankhwala oyamba pa matenda ofala, monga amoxicillin, penisilini ndi gentamicin. Gulu la Watch ndi la ofunika kuwayang'anira chifukwa tizilombo timawazolowera msanga. Gulu la Reserve ndi la osungira pamene ena onse alephera. Ceftriaxone ali m'gulu la Watch. Mu Seputembala 2024, pa msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations ku New York, maiko anagwirizana kuti pofika chaka cha 2030, maantibayotiki 70 mwa 100 aliwonse operekedwa kwa anthu azichokera m'gulu la Access.